Matiresi Anga Ankagona Kumaliro

Mwana wanga asanamere dzino ndi limodzi lomwe, anadzuka tsiku lina ali ndi timatuza tofiira pamkono, titandandana bwinobwino ngati mapando a chimanga pamzere. Ndinamuvula zonse. Kumsana tinaliko, pakhosi tinalipo. Ine ndine mayi woti mwana akayetsemula kawiri ndayamba kale kuganiza za amene adzakhome bokosi, ndiye musandifunse zimene zinadutsa m'mutu mwanga m'mawa umenewo. Chikuku. Katsabola. Matenda aja a m'magazi amene anthu amatchula motsitsa mawu. Ndinamubereka ndisanasukusule n'komwe, n'kukwera kabaza wa ku Mitundu, njira yonse ndikupisa dzanja kumbuyo kuti ndimve ngati akupumabe. Ankapuma. Ankatafuna nsonga ya mbereko, alibe nazo ntchito.

Kuchipatala anesi anamuyang'ana pang'ono chabe. Kenaka anayang'ana ine, mikono yanga, khosi langa, n'kutsitsa mawu kuti amayi amene anali pabenchi asamve.

"Mayi, mumagona pa chiyani?"

"Pamatiresi," ndinayankha, ndipo ndivomere kuti ndinayankha monyada.

"Mukakafika mukafunyulule m'misoko mwake. Mwanayu sakudwala. Akudyedwa."

Chikuku ndikanachilandira ndi ulemu. Ukati mwana ali ndi chikuku anthu amabwera ndi nthochi kudzazonda. Nsikidzi palibe amene amazonda.

Kwathu ndi ku Nathenje. Ndinakwatiwa chitengwa kumudzi wina kuseri kwa Mitundu, njira yolowera ku Malingunde. Abambo a mwana amagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Lilongwe, amabwera Loweruka n'kubwerera Lolemba m'mamawa, ndiye masiku ena onsewo banja langa limakhala ndi apongozi anga aakazi. Khomo lawo ndi langa n'zoyang'anizana. Ndikayanika kanthu pachingwe iwo amadziwa kuti ndachapira sopo wanji.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ine ndili ndi satifiketi ya zosamalira alendo m'mahotela. Kukoleji anatiphunzitsa kuyala bedi mpaka nsalu kuwongoka ngati tebulo, kupinda thaulo, kugogoda pachitseko mosadzidzimutsa mlendo. Za nsikidzi anatiphunzitsanso, ndipo ndinakhoza. Aphunzitsi ankati hotela imafa ndi nsikidzi imodzi. Hotela yondilemba ntchito sinapezeke, satifiketi ndinaiika mufelemu n'kuikoleka pakhoma kumutu kwa bedi, ndipo hotela yanga yonse inali chipinda chimodzi chimenecho. Chuma chake chinali matiresi. Anandigulira azakhali anga ngati mphatso ya ukwati, okhuthala, a nsalu ya maluwa, oti ukagona sumva thabwa. Pakhomo ponsepo panalibe ena otero. Anthu ankagona pamphasa, kapena patimatiresi toonda ngati chigumu cha pamsika.

Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko, n'kugoneka mwana pansalu pansi, n'kufunyulula msoko woyamba. Zinali mmenemo, zitadikhira ngati anthu a m'minibasi. Zikuluzikulu zofiirira, zaphwatalala, zina zitatupa ndi magazi amene ndinkawadziwa mwini wake. Ting'onoting'ono totuwa toti ukapanda kuyang'anitsitsa ungati ndi gaga. Makoko amene zafundula. Timadontho takuda, chimbudzi chake. Ndi mazira, oyera, omatika pansalu moti kukuntha sikuwagwetsa. Ndinatswanya imodzi ndi chikhadabo, fungo lake n'kundifika mpaka kukhosi. Ndinayang'ana m'mfundo za bedi, zinalimo. M'ming'alu ya khoma, zinalimo. Ndinatsitsa felemu ya satifiketi n'kuitembenuza. Kuseri kwake kunali mudzi wathunthu, ana ndi zidzukulu. Mpaka lero, zolengedwa zimene zinapindulapo ndi satifiketi yanga ndi zimenezo.

Nsikidzi ndi kachilombo kopanda luso. Siuluka, silumpha, simanga chisa, siimba. Nyerere imasenza katundu, chiswe chimamanga chulu, ngakhale mphemvu imathamangako. Nsikidzi imangodziwa kudikira. Masana imabisala pamalo popyapyala, ikamva mpweya ndi kutentha kwa munthu wogona imatuluka, imayamwa, imabwerera. Kamwana kake kakaswa sikangakule kasanamwe magazi. Kamamwa, kamafundula, kamamwanso, kamafundulanso, mpaka kakhale nakonso koikira mazira. Mukachoka panyumba miyezi ingapo, siifa ndi njala. Mudzaipeza, yowonda, yokhululuka, yokonzeka kuyambiranso. Ndipo siisamala ngati mumakolopa kapena ayi. Sidya nyansi, imadya inu. Ulendo wake wokha ndi umene imadalira ena. Pomwe imayenda ndi pamsoko wa chitenje, m'thumba la mlendo, m'bulangete lobwereka. Akuluakulu anati nsikidzi inachilira kwa alendo, ndipo pamenepo sananame.

M'mawa mwake ndinatulutsa matiresi padzuwa. Ndinali ndisanawatsamiritse n'komwe pakhoma pamene apongozi anatulukira, tsache lili m'manja.

"Mtengwa, mwana wakodzera?"

Anali atandipatsa njira yothawira, ndipo mkazi wanzeru akanailowa. Ine ndinanena zoona.

"Ayi amayi. Muli nsikidzi."

Anayang'ana kumsewu kaye, ngati ndatukwana. Kenaka analowa m'chipinda mwanga osaodira, n'kuima pafupi ndi neti ya udzudzu, n'kukoka ngodya imodzi yakumwamba. Pamsoko wa pangodyapo panali zitatu kapena zinayi zitaunjikana.

"Si izi. Ndinanena ine. Chibwerereni manetiwa anthu sitikugona. Mankhwala ake aja ndi amene amaziitana. Kale tinkagona chogona, popanda zimenezi."

"Zimangokwera pamenepo chifukwa pali msoko, amayi. Zimakonda pobisika."

"Ndiye mwavomera kuti zimapakonda."

Ndi mmene timakambirana ndi apongozi anga. Iwe umabwera ndi maphunziro, iwo amabwera ndi mawu ako omwe.

Mfundo yawo si yawo okha. M'mudzi muno anthu ambiri amakhulupirira kuti neti imabereka nsikidzi, ndipo umboni wake ndi womwewo: ukayang'ana pangodya ya neti umazipeza. Ukayang'ana m'khola umapeza mbuzi, koma sindinamvepo wina akunena kuti khola linabereka mbuzi. Maneti a m'mudzi muno ali pantchito zosiyanasiyana. Ina yatchinga nazale ya tomato kudimba, ina ikuyanika thelele, ina anyamata anaikoleka pagolo. Zonse zimatetezedwa kupatula anthu.

Komwe nsikidzi zinachokera ndinkakudziwa, koma kunali kosanenedwa. Kuno kukagwa maliro, amayi a mpingo amayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa mphasa, mabulangete, miphika ndi mabenchi. Amene ali ndi matiresi abwino amapereka, kuti namfedwa ndi okalamba ochokera kutali agonepo m'nyumba ya siwa. Sukana. Ukakana lero, tsiku lako anthu adzabwera ndithu, koma adzakhala chapatali, manja ali m'chitenje, ndipo adzukulu adzakumba manda ngati akukakamizidwa. Ndiye chikwatiwireni, matiresi anga anali atagona maliro ambiri kuposa ine. Ankapita pamutu pa munthu, n'kubwera akununkha utsi, thukuta ndi misozi ya eni ake. M'siwamo ankagona limodzi ndi mphasa za mudzi wonse, mabulangete a midzi inayi, zikwama za abale a ku Dedza ndi ku Mchinji. Kwa nsikidzi, maliro ndi depoti ya basi.

Koma tayesani kunena zimenezo. Ndiye kuti mwati anamfedwa ndi auve. Mwati malemu anakusiyirani tizilombo. Mtengwa wobwera dzulo, wa sukulu, wa ku Nathenje. Ndinangotseka pakamwa n'kukoleza moto.

Nkhondo ndinaimenya, zimenezo wina asadzanditsutse. Ndinawiritsa madzi m'ketulo n'kuthira mfundo iliyonse ya bedi. Ndinakulunga matiresi m'pepala lakuda lija amafunditsira fodya, n'kuwasiya padzuwa mpaka kutentha kosagwirika. Ndinamata ming'alu ndi dothi. Zovala za mwana ndinaziphika ngati nyemba n'kuzisita ndi simbi ya makala mpaka m'mapindiro. Panabwera bambo wina wa panjinga wogulitsa mankhwala m'timabotolo topanda dzina, akulonjeza kuti amapha nsikidzi, makoswe, njoka ndi anankafumbwe. Nditafunsa ngati sangapweteke khanda anati, "Bola musamumwetse." Sindinagule.

Zikuluzikulu zinkafa. Kwa masiku angapo khungu la mwana linkasalala, ine n'kuyamba kuyenda ngati munthu. Koma matiresi okhuthala ndi okhuthala kwa onse. Dzuwa linkapsereza pamwamba, m'kati mukuzizira bwino, ndipo penapake nsalu inali itang'ambika pang'ono, pakhomo pokwana banja. Mazira ankaswa nthawi yake ikakwana, timatuza n'kubwerera pamzere. Ndinafika poti ndikaona njere ya mpiru pansi ndinkaiponda. Kutchalitchi sindinkamva ulaliki, ndinkangoyang'ana makosi a amayi a benchi lakutsogolo. Theka la mpingo linkadzikanda, aliyense mwaulemu, chala chimodzi, ngati akukonza duku.

Mvula itayamba, tsiku lina ndinachokera kumjigo n'kupeza zingwe zinayi zikulendewera kudenga. Neti palibe. Ndinaipeza kuseri kwa nyumba ya apongozi, itakungidwa pazikhomo, pansi pake pali thadzi ndi anapiye ake.

"Ndakuthandizani, mtengwa," anatero. "Muona, zitha zokha. Ndiponso mphamba wandimalizira anapiye."

Pano ndiyenera kunena za udzudzu, chifukwa nsikidzi zimandichititsa manyazi koma udzudzu umandichititsa mantha. Kumunsi kwa nyumba zathu kuli maenje amene anaumbamo njerwa. Mvula ikagwa amadzaza, madzi ake osayenda, otentha. Mukawerama mumaona timichira tikuphiriphitha pansi pa nkhope yanu. Ndi ana a udzudzu amenewo. Waukazi umaikira mazira pamadzi, timichirato timakula, n'kutuluka ndi mapiko, ndipo aakazi okhaokha ndi amene amafuna magazi, kuti nawonso akaikire. Wamwamuna amangomwa za m'maluwa, osapha munthu, osathandizanso munthu. Ndipo udzudzu wa malungo si uja umakuimbira kukhutu kukuchenjeza. Umabwera mwakachetechete anthu atagona.

Achemwali anga ku Nathenje anali ndi mwana wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda. Anatentha thupi, anati ndi mano. Anakomoka ali kumsana, panjira ya kuchipatala. Ine ndi amene ndinachapa mbereko yake pambuyo pa maliro. Nsikidzi sinaphepo mwana wa munthu. Imangokunyozetsa. Ndiye pamene apongozi anachotsa neti kuti apulumutse mdzukulu wawo ku timatuza, kwa ine zinali ngati atseka zenera kuti ntchentche isalowe, n'kutsegulira fisi chitseko.

Ndinaimbira foni abambo a mwana.

"Neti ili pa anapiye," ndinatero.

"Anapiye a ndani?"

"Funso lanu ndi limenelo?"

"Amayi ake, musakangane ndi amayi. Ndibwera Loweruka tidzakambirane."

"Udzudzu mwauuza kuti udikire Loweruka?"

Anati kasitomala wabwera.

Neti ina yogula ikanangotsatira inzake, ndipo kukaimasula pamaso pa apongozi kukanakhala kuwatukwana. Ndiye ndinaganiza monga munthu wophunzira. Mphamba amasaka masana. Udzudzu umasaka usiku. Anapiye akalowa m'khola madzulo neti imangokhala. Choncho chisisira chikagwa, apongozi akalowa m'nyumba kukamvera wailesi, ndinkazemba kukaimasula pazikhomo, n'kuitsuka zitosi m'beseni, n'kuifinya, n'kuikoleka. Tambala woyamba akalira ndinkaibweza. Mwana wanga ndi anapiye ankasinthana neti ngati alonda a pasitolo.

Zinali ndi mtengo wake. Thadzi lofungatira limakhala ndi utitiri, tinthu tating'ono ngati fumbi toyenda pakhungu mosaoneka, ndipo tina tinkapulumuka m'beseni. Ndiye pa nsikidzi ndinawonjezerapo utitiri. Anapiye ankaboolanso neti ndi timilomo tawo, ine n'kumasoka mabowo ndi ulusi umene ndinali nawo, wofiira. Apa ndi pamene sukulu yanga inathera. Tsiku lina m'mawa ndinapeza apongozi atawerama pa anapiye, akusisita ulusi ndi chala.

"Mtengwa, anapiye angawa ndi anzeru. Akuboola okha, akusoka okha. Akuchapanso, taonani yanyowa, mvula sinagwe."

Ndinagwada.

"Ine ndinalera ana asanu ndi awiri popanda neti," anatero.

Ndinkadziwa kuti anabereka khumi. Mawuwo anafika mpaka pamano, ndinawameza, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti ndinawameza, chifukwa nawonso anachapapo mbereko zopanda mwini.

"Mwana wanga akabwera tiitana ankhoswe," anapitiriza. "Atiuze ngati pakhomo pano pali akulu awiri. Netiyi ndikaitaya kudimba."

Ankhoswe a mbali yanga akanachokera ku Nathenje, amalume anga, kukwera minibasi ziwiri kudzamva mlandu wa nsikidzi. Pofika madzulo ake Nathenje yense akanadziwa zimene zili m'bedi la mtsikana uja anapita kukoleji. Ndipo mlandu ndikanaluza, chifukwa amalume anganso neti yawo ili pa tomato.

Loweruka lisanafike kunagwa maliro tsidya la dambo, mkulu wina amene anadwala nthawi yaitali. Nkhani ya ankhoswe inayamba yaima, chifukwa maliro amaimitsa chilichonse. Chakumasana apongozi anafika pakhomo panga ndi amayi awiri a mpingo, onse atamanga kale zitenje za kumaliro. Mmodzi anali wamtali, mtsogoleri wa nyimbo, wina wamfupi wonenepa amene pakamwa pake ndi wailesi ya mudzi uno.

"Mtengwa, mwamva zovuta zagwa tsidyali. Tabwerera matiresi."

Ndinawayang'ana matiresiwo kudzera pakhomo. Dzulo lake ndinali nditawatenthanso padzuwa tsiku lonse. Ndinaona ulendo wake wonse: apita, akagona pakati pa mabulangete a midzi inayi, abwera, mwana atupa, neti ipita kudimba. Maliro ena adzagwa, chifukwa sanaleke kugwa, ndipo zidzayambiranso. Ndikanatha kuwiritsa madzi a mjigo wonse. Bola matiresi ali anga, ndinali ndi khomo losatsekeka.

Ndinagwada pakhonde.

"Ndamva amayi, tengani. Koma ndili ndi pempho, ndinene pamaso pa amayiwa."

Wamfupi uja anasendera pafupi.

"Akachoka kumaliro asadzabwerenso kuno. Adzatsikire kwanu. Msana wanu uja mumadandaula, ine ndikugona pofewa, mwana wamng'ono ngati ine. Sizikundisangalatsa. Akhale anu."

"Mtengwa wotere mumamupeza kuti?" anatero wamtali. "Wanga ndikapempha mchere amandiyezera pasupuni."

Apongozi sanaseke. Matiresiwo ankawasirira chibwerereni, ndinkawaona mmene ankawasindikizira ndi chikhato akalowa m'chipinda. Koma si munthu wopusa.

"Nanga zija?" anafunsa chapansipansi.

"Zija zimabwera ndi neti, amayi, munandiuza nokha. Kwanu kulibe neti, ndiye akakhala bwino kumeneko. Netiyo ibwerere kuno, izidzandiitanira ine ndekha. Ndikatopa nazo ndidzaitaya ndi manja anga."

"Zija ziti?" anafunsa wamfupi, akudziwa bwinobwino, chala chili m'khosi.

"Za pakhomo," anatero apongozi.

"Ndiye palibe mlandu apa," anatero wamtali, amene ankafulumira kukayambitsa nyimbo. "Wina matiresi, wina neti. Aliyense agone ndi chake. Tiyeni, anthu akudikira."

Apongozi anamangitsa chitenje chawo m'chiuno. Kukana mphatso pamaso pa anthu sakanatha. Kunena kuti matiresi ndi amene ali ndi nsikidzi sakanatha, chifukwa ndiye kuti neti ilibe mlandu. Anangoti, "Zikomo mtengwa," mawu ake ngati akutafuna mchenga. Wamfupi anasenza matiresi pamutu, maluwa ake akuwala padzuwa, n'kutsetsereka nawo kudambo. Ndinawayang'ana mpaka anabisika m'chimanga. Ndinalira pang'ono, ndisaname. Anthu odutsa anayesa ndikulira malemu.

Nditabwera kumaliro ndinatulutsa bedi panja, n'kulithira madzi owira komaliza. Lero ndi thandala la mbale, labwino kwambiri m'mudzi muno. Chipinda ndinachikokolola chonse, ndinamata khoma, ndinazira pansi. Satifiketi ndinaichotsa mufelemu n'kuiika m'pepala la pulasitiki, felemu n'kusonkhezera moto. Ndinagula mphasa yatsopano kumsika wa ku Mitundu. Mphasa ilibe m'kati. M'mawa uliwonse ndimaikuntha n'kuiyanika, dzuwa limaipyoza mbali zonse, ndipo chobisala chilibe kolowera. Neti ndinaichapa ndi sopo mpaka utitiri unatha, n'kuikoleka, m'mphepete mwake ndikupisa pansi pa mphasa. Otsalira m'khoma anavutitsako milungu ingapo, ndikuwasaka ndi ketulo, kenaka kunati zii.

Abambo a mwana atabwera anaima pakhomo la chipinda, chikwama chili paphewa.

"Bedi lili kuti?"

"Lili ndi mbale."

"Matiresi?"

"Ndinapatsa amayi. Msana."

Anaika chikwama pansi. Mwamuna sangadandaule kuti mkazi wake wapatsa amayi ake chinthu chabwino. Anagona pamphasa akutembenuka ngati chimanga chowotcha, m'mawa n'kunena kuti nthiti zake zonse waziwerenga. Za ankhoswe palibe anazitchulanso.

Mwezi usanathe apongozi anayamba kukonza duku ndi chala chimodzi. Poyamba anati ndi sopo watsopano. Kenaka anati ndi nyemba za chaka chino. Tsiku lina tikutola mphale pamkeka anadzikanda m'khosi mpaka ndinamva chikhadabo, ndiye ndinafunsa mwaulemu ngati agona bwanji.

"Neti yanu ija ndi yamphamvu," anatero. "Ikuziitana kuchokera kutali. Zikumadutsira kwathu."

"Pepani amayi. Kuno sizikufika."

"Zikumatopa panjira."

Patapita nthawi anabwera okha madzulo ena, n'kukhala pakhonde panga, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anasewera ndi mwana, anafunsa za kwathu, anayamikira thandala. Kenaka anati matiresi aja akuwapweteka msana, afewetsa, iwo anazolowera pouma, mwina ndingowatenga.

"Amayi, anthu adzati chiyani? Kuti ndinakupatsani pamaso pa amayi a mpingo, kenaka ndakulandani? Mukufuna andiimbe m'mudzi muno?"

Anandipatsa mwana n'kudzuka. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kufunsa kuti anthu adzati chiyani.

Sindikunena kuti ndinapambana zonse. Mphamba anatenga anapiye angapo, ndipo aliyense wa iwo analembedwa pamutu panga. Msana wanga tsopano ndi umene ukudandaula. Nthawi zina ndikayala chitenje pamphasa ndimapezeka ndikupinda ngodya zake monga anatiphunzitsira, n'kudziseka ndekha. Mantha nawonso sanapite kulikonse. Apongozi akabereka mdzukulu wawo n'kumubweza, ndimadikira atembenuke, n'kulowa naye m'nyumba kukafunyulula mapindiro onse a malaya ake. Ndikapita kukagona kumaliro, chitenje changa sichilowa m'chipinda chisanaone madzi owira. Mwana akatentha thupi pang'ono ndili kale pakabaza. Anesi aja anafika pondizolowera, akandiona amangoti, "Lero n'chiyani, mayi?" Kawiri konse anamubaya chala kumuyeza malungo, kawiri konse sanawapeze.

Masiku ano kukagwa maliro amayi a mpingo amadutsa khomo langa n'kukagogoda khomo loyang'anizana nalo. Kwa ine amangotenga mphika. Matiresi amapita pamutu, amagona m'siwa, amabwera, ndipo m'mawa mwake apongozi amawakokera kuseri kwa nyumba, kumene a mumsewu sangaone, n'kuwatsamiritsa padzuwa. Ketulo yanga amaibwereka, amati ndi ya tiyi. Tsiku lina mayi wamfupi uja anawapeza ali pantchitoyo, n'kufunsa kuti matiresi alakwanji.

"Mdzukulu wangayu," anatero apongozi, akuloza mwana wanga amene anali kumsana kwanga. "Wakodzeranso."

Mwanayo sanagonepo pamatiresi amenewo chichokereni m'nyumba mwanga. Mayi uja anayang'ana ine. Ndinati inde, ndi wovuta, amamwa madzi ambiri. Mlandu umenewo angausenze, ndi wopepuka. Madzulo ake ndinamugoneka pamphasa, n'kutsitsa neti, n'kuyendetsa chala pa ulusi wofiira uja kufufuza ngati pena pamasuka.